Imfa pa Ngolo ya Mabwato

Pamene Sajeni Howard Kampira ankafika pa shedi ya Lorenso, anthu anali atayamba kale kusolola udzu wa padenga kuti apeze choyatsira moto. Anatsika pa njinga, naiyedzamiritsa pa mtengo wa masau, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wodzagula mafuta a nyale. Upolisi wa m'chigwa cha Shire unamuphunzitsa kuti wapolisi akafika chothamanga, gulu nalo limafulumira kumaliza zimene layamba.

Lorenso anali atakhala pansi pakati pa zitsulo zake, magazi akuyenderera kuchokera pa chikope. Anali mmisiri wowotcherera, munthu wa kutsidya, ku Mozambiki, amene anawoloka ndi mkazi wake Clotilda nkhondo itangoyamba kununkha, n'kudzakhazikika pa Nyakalambo m'dera la Ndamera. Makasu, mapulawo, mafelemu a njinga, chilichonse chothyoka m'midzi yozungulira chinkathera pa shedi yake. Koma chimene chinamutchukitsa ndi ngolo yonyamula mabwato.

Mitengo yosemera mabwato inatha kalekale m'mbali mwa mtsinje. Yotsala inali kumapiri, ndipo kale bwato likasemedwa kumeneko pankafunika mudzi wonse, zingwe ndi migolo ya mowa kuti litsikire kudooko, nthawi zina n'kufika litang'aluka kale. Lorenso anatenga ekiselo ya lole yakufa, anatalikitsa ngolo wamba ndi zitsulo ziwiri zazitali, anawotchererapo mphanda zogonekapo bwato, n'kutseka tayala lililonse ndi pini yachitsulo. Ng'ombe ziwiri zinayamba kugwira ntchito ya mudzi wonse, okonda mowa wa ulere n'kumang'ung'udza. Ngoloyo Lorenso anaipangira Andrea, mwini ng'ombezo, amenenso anali mtsogoleri wa anyamata a chipani, aja a malaya ofiira oima pakhomo la msika kufunsa makhadi. M'mawa wa tsiku limenelo Andrea anapezeka atafa pa khwawa la Nyamphembe, bwato latsopano litamupsinja pachifuwa, tayala la ngolo lili poteropo.

"Mwafika bwino, bwana Sajeni," anatero wapampando wa chipani wa m'deralo, akupukuta thukuta ndi mpango. Anali munthu wosadziwa kutsitsa mawu, ngakhale popempha mchere. "Uyu watiphera mwana wa chipani. Tayala silichoka lokha. Munthu wa kutsidya, zikalata alibe, tidziwa bwanji amene anamutuma?"

"Andrea anali ndi ndani pa ulendowo?" anafunsa Sajeni.

Anthu anakankhira kutsogolo Geresomo, mlamu wake wa malemuyo, msodzi wa kudambo la Ndindi amenenso ankasema mabwato. Bwato limene linapsinja munthulo, kapena kuti mwadiya monga amanenera kuchigwako, linali ntchito ya manja ake. Anali wamtali, wouma thupi, ndipo m'gulu lonselo ndi yekhayo amene analibe mwala kapena chibonga m'manja.

"Tinali kutsetsereka pa khwawa, bwana," anatero akuyang'ana pansi. "Ine ndinali kutsogolo ndi ng'ombe, alamu anali m'mbali. Ndinangomva phokoso, pocheuka tayala lachoka, ngolo yapendekeka, mwadiya wagubudukira pa iwo. Ndinathamanga nthawi yomweyo kukaitana anthu. Sindinagwire kanthu."

Kumbuyo kwa gululo wina anali atatulutsa kale machesi. Sajeni anaona kuti nthawi ya mafunso yatha. Anagwira Lorenso pa dzanja n'kumudzutsa, nakweza mawu kuti onse amve.

"Munthu wa kutsidya wopanda zikalata ndi wa boma, si wanu. Amene amukhudzenso wakhudza katundu wa boma."

Mawuwo anagwira ntchito. Masiku amenewo dzina la boma linkaziziritsa ngakhale munthu woledzera. Miyala inagwa pansi umodziumodzi, ndipo wapampando anagwedeza mutu mokhutira ngati kuti nzeruyo inali yake. Sajeni anadzitama mumtima kuti wapulumutsa munthu popanda kuwombera ngakhale m'mwamba.

Pa kapolisi kawo kakang'ono anapereka Lorenso kwa Konsitabo Maliko, wapolisi womvera kwambiri moti ukamuuza kuti aime padzuwa unkayenera kukumbukira kudzamuchotsa.

"Mutsekere m'chitokosi. Aliyense akabwera kudzafunsa, uziti ndi wa kutsidya wopanda zikalata, ali m'manja mwa boma."

Clotilda, amene anawatsatira njira yonse osalira, anagwada pakhonde.

"Bwana, nanga lole ija?"

Panalibe chifukwa choti afotokoze. Inali lole ya tenti, ya anthu osavala yunifolomu, imene inkazungulira kutola amuna okayikitsa a kutsidya n'kukawatsitsa kumalire. Kuseri kwa malirewo kunali nkhondo, ndipo mwamuna wotsitsidwa kumeneko mbiri yake sinkamvekanso. Ena ankagwidwa kuti azisenza katundu wa asilikali a m'tchire mpaka kugwa, ena ankapezeka atawola m'mbali mwa njanji.

"Imabwera kumapeto kwa mwezi, mayi, ndipo mwezi ukadali pakati. Ikamadzafika amuna anu adzakhala ali pa shedi pawo. Apa ndangowabisa kwa anthu aja."

* * *

M'chitokosi munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Lorenso anali atang'amba kansalu ka malaya ake n'kumanga pachikope.

"Ngolo imeneyi munaikonza liti komaliza?" Sajeni anafunsa.

"Sabata yatha, bwana. Andrea anabwera nayo mtanda wokokera utang'aluka. Anati mwadiya wa ulendo uno ngwautali, ndiye ndinawonjezera zitsulo kumbuyo, ndinasuntha ekiselo kuti kulemera kukhale pakati, ndinapaka girizi. Mapini ndinaika atsopano."

"Mwina imodzi munaiwala kuimanga bwino. Ntchito ikachuluka munthu amaiwala."

"Nkhabe." Lorenso anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Pini yanga ndikailowetsa ndimaipinda kunsonga ndi hamala. Kuti ituluke, wina aiwongole. Msewu umapinda chitsulo, bwana, suwongola."

"Munakanganapo ndi Andrea?"

Lorenso anaseka pang'ono, koma chikope chinamuletsa. "Andrea ankakangana ndi aliyense, mpaka ndi ng'ombe zake. Ine ndine mlendo. Akanditukwana ndinkathokoza."

Sajeni anaimirira. Anali atamva amisiri ambiri akulumbira kuti ntchito yawo silephera, ndipo ena mwa iwo madenga awo anadzagwera anthu ali m'tulo. Sanakhulupirire, sanakane. Anali atafika pakhomo pamene Lorenso anayankhulanso.

"Mukapita mukaone zingwe, bwana. Tayala lichoke, ngolo ipendekeke, mwadiya womangidwa pa mphanda zanga sugwa. Umakhala pomwepo mpaka wina aumasule."

* * *

M'mawa mwake Sajeni analawirira, chifukwa kuchigwa mwezi wa Okutobala dzuwa silituluka, limachita kugwera munthu. Anapalasa njinga mpaka pamene msewu unasanduka miyala, kenaka anayamba kuikankha.

Khwawa la Nyamphembe linali louma, mchenga ndi miyala yokhayokha. Ngolo inali pomwe inaimira, itapendekera kumanzere. Mtembo anali atautenga dzulo lake. Anthu anangotukula mutu wa bwato ndi mitengo n'kusolola munthuyo, zina zonse anasiya mmene zinalili, poti palibe amene amafuna kugwiragwira zinthu zimene zangopha munthu.

Anayamba ndi tayala. Linali langwiro, ndipo pamene Lorenso anawotcherera panalibe mng'alu. Anagwada, anapisa dzanja mumchenga pansi pa ngolo, napeza pini. Inali yowongoka, nsonga yake ikuwala pomwe panamenyedwa posachedwa. Anaiika m'thumba.

Zingwe za khonje sizinaduke paliponse. Zinali zitamasulidwa, n'kupindidwa bwinobwino monga mmene asodzi amapindira chingwe cha ukonde, n'kukolekedwa pa mphanda.

Kenaka anapita pa bwato. Linali la mtondo, lalitali, likununkhabe utomoni, ndipo linali litafunditsidwa nthambi zamasamba kuyambira kumutu mpaka kumchira. Masambawo anali atayamba kufota. Anachotsako zina, nayendetsa chikhato m'nthiti mwake, uku ndi uku. Panalibe bala, panalibe ngakhale pokalika. Bwato lolemera chotero, logwa kuchokera pa ngolo n'kugwera pa miyala yoteroyo, likanatuluka ndi chizindikiro penapake. M'kati mwake, pansi penipeni, munali chinyontho.

"Mukufuna kugula kapena mukungosisita?"

Pamwamba pa khwawa panaima mayi wachikulire atasenza mtolo wa milaza. Anali Teresa, woluka mikeka, amene kanyumba kake kanali kokhako m'mbali mwa phirilo. Anatula mtolo asanauzidwe, nakhalapo, monga munthu amene wakhala akudikira womumvera kuyambira dzulo.

"Ndinu amene munayamba kufika pano, mayi?"

"Ndine, bwana, winanso ndani? Kuno timakhala ine ndi anyani. Ndinamva munthu akulira akutsikira kumudzi, ndati ndikaone. Ndafika, ng'ombe zili chiimire m'goli, padzuwa, malilime panja, zomvetsa chisoni. Ndinazimasula ndine, munthu wamkazi, ndi manja angawa, ndipo mpaka lero palibe wandiuza takhuta, ngakhale kazikomo komwe."

"Masamba awa anaika ndani?"

"Ndinawapeza. Poyamba ndinayesa aphimba maliro, ndati koma anthu aulemu. Poyandikira ndikuona miyendo ya munthu ili pamtunda, nkhope ili pamtunda, ntchentche zikuchita phwando. Chofunditsidwa ndi mwadiya."

Sajeni anabwezera nthambi pamene anazichotsa. "Musanamve kulirako, munaonako munthu?"

"Wamtali uja, wosema. Anabwera pa chitsime changa cha mumchenga ndi chidebe. Anatunga, anapita, anabweranso, anatunga. Ndati kodi ng'ombe zanuzo zimamwa ngati njovu? Sanandiyankhe, ngakhale moni. Ndiye ndikupeza ng'ombezo sizinalawe ndi dontho lomwe."

"Ankathamanga?"

"Ndi chidebe chodzadza? Ankayenda mwachifatse, kuopa kutaya. Kuthamangako anayamba pambuyo pake, pamodzi ndi kulira."

Mayiyo anapitiriza za anyani amene anamuthera mapira, koma Sajeni anali atasiya kumva. Aliyense wokulira m'mbali mwa Shire amadziwa kuti bwato latsopano likasiyidwa louma padzuwa limang'aluka tsiku lomwelo, ndiye osema amalithira madzi n'kulifunditsa masamba mpaka litalowa mumtsinje. Munthu wa ng'ombe akanayamba ndi ng'ombe. Munthu amene anatsala wamoyo pa khwawapo anayamba ndi bwato, ndipo anali ndi nthawi yochita zonsezo mosafulumira, mlamu wake ali gone pansi pake.

* * *

Pa maliro panali mpikisano wa nyimbo. Azimayi a mpingo ankaimba zawo m'nyumba, anyamata a malaya ofiira ankaimba za chipani pabwalo, ndipo mbali iliyonse inkakweza mawu kuti imize inzake. Sajeni anapempha adzukulu kuti aone mtembo asanatseke bokosi. Sanakondwere nazo, koma yunifolomu sinkakanizidwa.

Pachifuwa panali mzera wakuda pomwe bwato linakhala, koma nthiti zinali zosathyoka kwenikweni. Atatembenuza mutu anapeza chimene ankayembekezera. Kunkhongo kunali bala lolowa m'kati, la ngodya zinayi. Miyala ya m'khwawa ilibe ngodya zotero, koma kumbuyo kwa nsompho yosemera bwato kuli nazo.

Imelda, mkazi wamasiyeyo, mlongo wake wa Geresomo, anamuitanira kuseri kwa nyumba. Anali mayi wamng'ono thupi, maso ake ouma. Mkono wakumanzere unali wopindika molakwika pansi pa chigongono, ndipo ankaufungatira ndi unzake.

"Pepani ndi zovutazi, mayi."

"Zachitika."

"Achimwene anu ndi amuna anu ankagwirizana?"

"Ankagwira ntchito limodzi."

"Si zimene ndafunsa."

"Ndi zimene ndayankha, bwana."

Sajeni anayang'ana mkonowo. "Apa munatani?"

"Ndinagwa."

"Nanga mano akutsogolowo?"

"Ndimagwa kawirikawiri." Anayang'ana kumbali kumene kunkachokera nyimbo za chipani, kenaka anatsitsa mawu. "Mu Ogasiti ndinagwanso, ndili ndi pakati, mwana atayamba kale kusewera m'mimba. Tinakamuika kudambo, ine ndi azimayi anzanga. Achimwene anamva nditachira."

"Simunakanene kulikonse?"

"Kuti, bwana? Kwa apampando, amene ankamwera nawo chikho chimodzi? Kapena kwa inu, amene mukakumana nawo pamsika munkawapatsa moni wa manja awiri?"

Zinamuwawa Sajeni chifukwa zinali zoona, ndipo panalibe wapolisi m'chigwa chonsecho amene akanayankha mosiyana.

"Geresomo ali kuti?"

"Anali pano m'mawa."

Sajeni anali atatembenuka kuti azipita pamene mayiyo anamuitana.

"Bwana, mmisiri uja amutani?"

"Ndikapanda kupeza amene anachotsa pini, mlandu ukhala wake. Ndipo ndi wa kutsidya. Mukudziwa kumene oterowo amathera."

Imelda anakokera chitenje kumaso, mapewa ake nayamba kugwedezeka, ndipo kulira kumene anakuumira kuyambira dzulo kunatuluka konse. Azimayi m'nyumba atamva anayesa kuti tsopano chisoni cha mwamuna chamufika, nawonso anayambitsa chawo mokweza.

Sajeni anazungulira pansi pa mitengo pamene panakhala amuna. Geresomo panalibe. Mlamu sachoka pa maliro mtembo usanaikidwe pokhapokha pali chinthu chimene sichingadikire. Anayang'ana kumwamba, dzuwa lili paliwombo, nakumbukira kuti masamba amene anawagwira m'mawa anali atafota. Anakatenga njinga yake.

* * *

Anamupeza atawerama pa bwato, akuthira madzi pang'onopang'ono kuchokera kumutu kupita kumchira. Pambali panali mulu wa nthambi zatsopano. Geresomo anamva miyala ikulira pansi pa nsapato za wapolisi, anacheuka, koma sanathawe. Anamaliza kaye chidebecho.

"Ukanang'aluka, bwana," anatero, ngati akupepesa.

"Dzulo munati munathamanga osagwira kanthu."

Geresomo anakhazika chidebe pansi.

"Mayi wa pamwambapo anakuonani mukutunga madzi," Sajeni anapitiriza. "Zingwe munapinda nokha. Pini ili m'thumba mwangamu, ndipo bala la kunkhongo ndaliona. Ndikufuna ndimve kwa inu."

Msodziyo anakhala pa mwala, manja ake aatali atalendewera pakati pa mawondo. Atayamba kuyankhula mawu ake anali ozizira, ngati akufotokoza za munthu wina.

"Tinaima pano kuti ng'ombe zipume tisanatsetsereke. Anayamba kuseka. Anati mwadiya uwu ukayamba kubweretsa nsomba akatenga mkazi wachiwiri, poti mlongo wanga ndi mtsuko wobooka, sasunga mimba. Mimba imene anaiponda yekha ndi nsapato. Ananena akundiyang'ana m'maso, podziwa kuti palibe chimene ndingamuchite. Kenaka anawerama kuti ayatse fodya. Nsompho inali m'manja mwanga." Anapuma. "Sindinaganize, bwana. Kapena ndakhala ndikuganiza kuyambira Ogasiti. Sindikudziwa."

"Ndiye munakonza ngozi."

"Ande, eya. Ndinamukokera apa. Ndinawongola pini ndi hamala ya m'ngolo momwemo, ndinakwapula ng'ombe pang'ono, tayala linachoka. Ndinamasula zingwe kuti ndiugubuduze ugwe pa iye." Anayang'ana zikhato zake. "Manja anakana. Mtengo uwu ndinaugwetsa ndekha, ndakhala ndikuusema kuyambira mvula itangosiya. Ndinadula mitengo iwiri, ndinautsetserezapo pang'onopang'ono mpaka unakhala pa iye. Poti ndinyamuke ndinaona dzuwa. Ndati ndingouthira madzi pang'ono."

Sajeni sanaseke, ngakhale kuti pa zaka zake zonse za upolisi anali asanaonepo munthu wodzipereka yekha m'manja chifukwa chomvera chisoni mtengo.

"Za Lorenso munaziganizirako?"

"Ndinkayesa anthu anena kuti ndi ngozi, tilire, tiike, zithe. Matayala amachoka, ngolo zimagwa. Sindinadziwe kuti akasaka mwini ngoziyo. Dzulo pa shedi paja ndinafuna kuyankhula, koma nditaona machesi pakamwa panauma."

"Lole ikabwera kumapeto kwa mwezi amutenga, akamutsitsa kumalire. Mkazi wake wagona pakhonde la polisi."

Kutali kumudzi nyimbo zinali zitasintha, anthu anali atanyamuka kupita kumanda.

"Ine ndikapita, Imelda atsala ndi ndani?" anafunsa Geresomo.

Sajeni sanafune kumunamiza. "Mukudziwa chimene chikukudikirani mukavomera pamaso pa oweruza?"

"Chingwe."

Geresomo anaimirira. Anatenga nthambi zatsopano zija, nazigoneka pa bwato imodziimodzi mpaka panalibe poonekera dzuwa, ndipo Sajeni anamulekerera. Atamaliza anapukuta manja pa kabudula.

"Tiyeni, bwana. Mmisiri uja ntchito yake inalibe vuto. Akagone kunyumba kwake."

Sajeni sanamumange unyolo. Anatsika phirilo limodzi, wina akukankha njinga, wina atanyamula chidebe chopanda kanthu, ndipo aliyense wokumana nawo akanayesa ndi anthu ochokera kumunda. Mtima wa Sajeni unali wolemera. Ankaperekeza kuchingwe munthu amene sankamuda, chifukwa cha munthu wakufa amene palibe ankamukonda, ndipo tsiku limenelo anaida ntchito yake. Chinkamutonthoza chinali chimodzi chokha, chakuti dzuwa likamalowa Lorenso akhala atatuluka.

* * *

Anafika pa Nyakalambo dzuwa litapendeka. Patsogolo pa kapolisi fumbi linali litasindikizidwa mizera ya matayala aakulu. Sajeni anaiona, koma anapitirira ngati sanaione.

Clotilda anali atakhala pakhonde pomwe anamusiya, kadengu ka chakudya kali pambali pake kosavundukula. Sanadzuke, sanapereke moni. Chitseko cha chitokosi chinali chotsekula.

Konsitabo Maliko anatuluka naima njo, nachita sawatcha.

"Lole inabwera masana, bwana. Apampando anaitumizira uthenga dzulo lomwelo kuti kuno kwagwidwa munthu woopsa."

"Ndiye iwe unatani?"

"Anafunsa ngati tikusunga wa kutsidya wopanda zikalata. Ndinayankha monga munandiuzira, bwana, kuti alipo, ali m'manja mwa boma. Anati boma lake ndi iwowo."

"Sunawauze kuti pali mlandu wa imfa, kuti ndikufufuza?"

"Simunandiuze kuti ndinene zimenezo, bwana."

Sajeni anafuna kumumenya, koma dzanja silinadzuke, chifukwa mawu amene anapereka Lorenso anatuluka pakamwa pake pomwe, pamaso pa gulu la anthu, iye akudziona wochenjera. Analowa mu ofesi, anapukusa lamya mpaka thukuta kutsika m'khosi. Amene anayankha kumbali inayo anamvetsera mpaka pakati, kenaka anamufunsa modekha dzina lake ndi nambala yake, ndiponso chifukwa chimene sajeni wa boma akudandaulira munthu wa kutsidya. Sajeni anabwezera lamyayo pamalo pake.

Atatuluka anapeza lole ija ikudutsa mumsewu, ikubwerera kumtunda. Tenti yakumbuyo inali yopindira m'mwamba, ndipo m'katimo munalibe munthu.

Geresomo anali ataima pakati pa bwalo, chidebe chikadali m'manja. Anamva zonse. Anayang'ana lole, anayang'ana mayi wa pakhonde uja, ndipo nkhope yake inachita ngati yakalamba nthawi yomweyo. Msewu unali pululu, Sajeni sanamuyang'ane dala, ndipo dambo la Ndindi limabisa munthu wodziwa njira zake. Koma iye anakhazika chidebe pansi, anakwera pakhonde, nagwada patsogolo pa Clotilda.

"Mayi, pini ndinachotsa ndine. Amuna anu sanalakwe kanthu."

Clotilda anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanamutukwane, sanamulavulire.

"Mukanati munene dzulo," anatero.

Geresomo anadzuka, analowa yekha m'chitokosi, nakhala pansi pakona. Maliko anayang'ana kwa Sajeni kudikira lamulo, ndipo poona kuti silikubwera anakankha chitseko n'kukhoma.

Clotilda anaimirira. Anamasula chitenje, nachimanganso mothina m'chiuno, anaika kadengu ka chakudya pamutu, natsika masitepe. Sanakhotere kumanzere kopita ku shedi. Anatenga msewu wotsikira kumalire.

Sajeni anamuthamangira mpaka pamsewu, iye amene sankathamanga pamaso pa anthu.

"Mayi, bwererani. Mawa ndipita ndekha kwa akuluakulu, ndikafotokoza zonse. Kumeneko kuli nkhondo."

Clotilda sanaime. Anangotembenuza mutu pang'ono, kadengu kali pamutu.

"Ndikudziwa, bwana. Ndinachokera komweko. Koma munthu uja sanadye chichokereni dzulo."